Funsani a Mlangizi: Aliyense akufuna wogwirapo kale ntchito, nanga ine ndiyambire pati?

A Mlangizi,

Ndine mnyamata wa zaka 25 ndipo ndidamaliza digiri ya zaulimi ndi malonda chaka chatha. Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikutumiza makalata ofunsira ntchito ku mabungwe ndi ku makampani osiyanasiyana, koma palibe ndi amodzi omwe amene adandiitanapo ku mayeso a ntchito. Pafupifupi chidziwitso chilichonse chimene ndimachiona m'nyuzipepala chimati akufuna munthu amene wagwirapo ntchitoyo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ine ndili ku koleji ndidangopita ku atachimenti ya miyezi itatu ku kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza, komanso ndidathandizapo aphunzitsi anga kufunsa alimi mafunso pa kafukufuku wawo. Pakadali pano ndikukhala kwa achemwali anga ndi alamu, ndipo ngakhale sadandinenepo kanthu, ndikuona ndekha kuti ndikuwalemetsa. Kodi zaka ziwirizo ndikazipeza kuti ngati palibe amene akufuna kundipatsa chaka choyamba?

Wothedwa nzeru, Area 25, Lilongwe

Achimwene, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Kusaitanidwa ku mayeso a ntchito sikutanthauza kuti digiri yanu ndi yachabe kapena kuti muli ndi tsoka, monga mmene achinyamata ambiri amayambira kuganiza akakhala pakhomo chaka chathunthu. Kale dziko lino lidali ndi yunivesite imodzi yokha ya boma, kufikira pamene ya Mzuzu idatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Lero za boma zilipo zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo LUANAR, MUST ya ku Thyolo, ndiponso MUBAS ndi KUHeS zimene zidapatuka ku University of Malawi mu 2021, osawerengera za mipingo ndi zina zomwe si za boma. Zonsezi zimatulutsa ophunzira chaka ndi chaka, pamene malo a ntchito zolembedwa sakuchuluka mofanana. Motero wolemba anthu ntchito akalengeza malo amodzi amalandira makalata ambiri oti sangathe kuwawerenga onse, ndipo mawu akuti "zaka ziwiri" amakhala njira yachidule yowachepetsera. Ku mabungwe omwe si a boma kuli chifukwa chinanso: ntchito zawo zambiri zimayendera ndalama za opereka thandizo zimene zimabwera kwa zaka ziwiri kapena zitatu zokha, choncho safuna kutha theka la chaka akuphunzitsa munthu. Ineyo sindigwirizana ndi mchitidwe wofuna zaka zogwirapo ntchito ngakhale pa maudindo oyambira penipeni, chifukwa kampani iliyonse ikamayembekezera kuti inzake ndiyo iphunzitse achinyamata, mapeto ake palibe amene amawaphunzitsa. Komabe inu simungakhale pansi kudikira kuti mchitidwewu usinthe.

Chimene bwana amafuna akalemba za zaka ziwiri ndi chitsimikizo. Akufuna kudziwa kuti mumafika pa ntchito nthawi yake, kuti mukapatsidwa ndalama kapena katundu mumabweza malisiti okwanira, kuti mumamaliza chimene mwachiyamba, ndiponso kuti pali munthu wodalirika amene adakuonani mukuchita zimenezi ndipo angathe kukuikirani umboni atafunsidwa. Mukaiona nkhaniyi motero, mupeza kuti simuli chimanjamanja monga mmene kalata yanu ikumvekera. Mwalemba kuti "ndidangopita" ku atachimenti, ndipo ndikuganiza kuti pa CV yanu mudailembanso monyozera chomwecho, kamzere kamodzi pansi penipeni. Miyezi itatu pa kopaletivi ya alimi ndi ntchito ndithu. Khalani pansi mukumbukire zimene manja anu adachita kumeneko. Ngati mudalemba nawo kaundula wa mamembala, nenani kuti adali alimi angati. Ngati mudayeza matumba pa sikelo ndi kulemba m'buku la zogula, ngati mudayesa chinyezi cha soya asanalowe m'nkhokwe, ngati mudaphunzitsa gulu la alimi kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku, zonsezo zilembedwe momveka bwino pamodzi ndi manambala ake enieni. Chimodzimodzinso kafukufuku wa aphunzitsi anu: tchulani boma limene mudapitako, chiwerengero cha makomo amene mudawafikira, ndiponso ngati mayankho munkawalemba papepala kapena pa foni. Musawonjezepo ngakhale pang'ono, chifukwa ofunsa mafunso amene adagwirapo ntchito ya m'midzi amazindikira bodza pa funso lachiwiri lokha, ndipo anthu a m'gawo limodzi la ntchito m'dziko muno amadziwana.

Mukatero, bwererani kwa woyang'anira kopaletivi uja ndi kwa aphunzitsi aja mukawapemphe kalata ya umboni yokhala ndi chidindo, yonena nthawi imene mudali nawo ndi ntchito imene mudagwira. Awa ndiwo oyenera kukhala pa CV yanu ngati anthu okuikirani umboni, ndipo muziwadziwitsa nthawi iliyonse mukawatchula, kuti foni ikalira asayambe ndi kufunsa kuti mnyamata wake ndi uti. Achinyamata ambiri amalemba dzina la munthu waudindo waukulu amene sadawaonepo akugwira ntchito, poganiza kuti dzinalo liwanyamula, koma umboni wa kapitawo amene mudakhala naye tsiku ndi tsiku umalemera kuposa wa bwana wamkulu amene sangathe kunena china chilichonse chokhudza inu.

Pa nkhani ya makalata enieniwo sinditaya nthawi yambiri. Chidziwitso chikati chaka chimodzi kapena ziwiri ndipo zina zonse mukuzikwanitsa, funsirani ndithu, koma chikati zaka zisanu pa udindo woyang'anira ena, sungani ndalama yanu ya fotokope ndi ya intaneti. Kalata ikhale ya tsamba limodzi, yolembedwera ntchito imeneyo basi, osati imodzimodzi yongosintha adiresi pamwamba. Tsatirani malangizo onse a m'chidziwitso, ngakhale ooneka aang'ono monga mutu wa imelo ndi tsiku lotsekera, popeza makalata ambiri amatayidwa pa zifukwa zoterezi asanawerengedwe n'komwe.

Tsopano ku funso lanu lenileni, la kumene chaka choyamba chimachokera. Boma lidayambitsa ndondomeko ya Graduate Internship Programme mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito, ndipo imatumiza omaliza maphunziro ku maunduna, ku nthambi za boma ndi ku makhonsolo. Ndalama imene amapereka pamwezi ndi yochepa ndipo palibe lonjezo lakuti mukamaliza mulembedwa, koma mumatulukako ndi kalata ya boma yotsimikiza kuti mudagwira ntchito, choncho tcherani khutu ku chilengezo chake. Njira ina imene achinyamata a maphunziro ngati anu amalowera kwambiri ndi ntchito zosakhalitsa za kafukufuku. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, mayunivesite ndi mabungwe amalemba anthu ofunsa mafunso m'midzi kwa masabata kapena miyezi ingapo, ndipo masiku ano mayankho amalembedwa pa foni kapena pa tabuleti pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga KoboToolbox ndi ODK. KoboToolbox mungathe kuiphunzira nokha osalipira kanthu, ndipo mukaphatikiza ndi luso la Excel loposa kungolemba mayina m'mizere, mukhala patsogolo pa anzanu ambiri. Ngati mumayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe, lembani zimenezo pa CV, chifukwa pa ntchito za m'midzi chiyankhulo chimasankhitsa munthu. Ndiponso mukapeza kangachepe, ganizirani za laisensi ya njinga yamoto, popeza zidziwitso zambiri za ntchito za ulangizi kumidzi zimaitchula.

Musaiwalenso kuti ulimi uli ndi nyengo zake zolembera anthu. Kuyambira mwezi wa Epulo, pamene alimi akukolola ndipo misika ya fodya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu ikutsegulidwa, makampani ogula mbewu ndi makopaletivi amafuna makalaliki a pa sikelo ndi osunga nkhokwe, ndipo mvula ikayandikira ogulitsa mbewu ndi feteleza amawonjezera anthu m'masitolo awo. Ntchito zimenezi kawirikawiri sizifika m'nyuzipepala. Zimamveka kwa amene ali pafupi, ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dowa, kumene soya ndi mtedza zimalimidwa kwambiri. Ndikudziwa kuti munthu wa digiri amachita manyazi kukhala kalaliki wa pa sikelo pa malo ogulira mbewu akumudzi pamene anzake akujambulitsa zithunzi m'maofesi a ku City Centre, koma akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo nyengo ziwiri zogula mbewu zokhala ndi kalata ya umboni zimawerengedwa pa mayeso a ntchito kuposa zaka ziwiri zokhala mu Lilongwe mukudikira foni.

Za achemwali anu ndi alamu, musadikire kuti iwo ndiwo ayambe kuyankhula. Akhazikeni pansi muwafotokozere zimene mukuchita ndi zimene mwakonza pa miyezi ikubwerayi. Amene akusunga m'bale amapirira mosavuta akamaona kumene zinthu zikulowera.

A Mlangizi,

Ndine mayi wamasiye ndipo mwana wanga wamkazi adamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, mayeso a khonsolo adakhozanso, koma mpaka pano sadalembedwe ntchito. Posachedwapa bambo wina amene adatipeza kudzera mwa mnzathu wa ku tchalitchi wanena kuti amadziwana ndi akuluakulu olemba anthu ntchito za chipatala, ndipo angathe kuika dzina la mwana wanga pa mndandanda tikamutumizira K250,000 pa foni. Akuti tifulumire chifukwa mndandandawo utsekedwa sabata yamawa. Ndili ndi mbuzi zingapo zimene ndingagulitse. Kodi ndichite?

Mayi wodandaula, Balaka

Mayi, mbuzizo musagulitse ndipo ndalamayo musatumize. Ntchito za m'zipatala za boma zimalembedwa kudzera m'makomishoni monga Health Service Commission ndi Local Government Service Commission, amene amalengeza malo poyera, amaitana anthu ku mayeso, ndi kutulutsa mayina a opambana. Palibe pamene munthu amayenera kulipira kuti dzina lake lilowe pa mndandanda. Zonse zimene mwafotokoza ndi zizindikiro zodziwika za akuba a mtundu umenewu: amadzera mwa munthu amene mumamukhulupirira kuti musakayike, amafuna ndalama pa foni kuti pasakhale lisiti kapena ofesi yoti mukawapezeko, ndipo amakufulumizitsani kuti musapeze mpata wofunsa ena. Mukatumiza koyamba, kawirikawiri amabweranso kuti pakufunika ina ya yunifolomu kapena ya kalata yoyambira ntchito, kufikira tsiku limene foni yawo idzasiye kupezeka. Mwina mnzanu wa ku tchalitchiyo nayenso wanamizidwa, choncho muchenjezeni mwaulemu.

Tiyerekeze kuti bamboyo akunena zoona ndipo alidi ndi anthu ake mkati. Pamenepo ndiye kuti mukupereka chiphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act limalanga wopereka pamodzi ndi wolandira. Mwana wanu angayambe ntchito ali ndi chinsinsi chimene wina angamamuopseze nacho moyo wake wonse, komanso malo amene walowawo akhala atalandidwa kwa mwana wa mayi wina wosauka ngati inu amene adakhoza mayeso mwachilungamo. Sungani mauthenga onse amene bamboyo wakutumizirani pamodzi ndi nambala yake, ndipo mukanene ku polisi kapena ku bungwe la Anti-Corruption Bureau. Kudziwana ndi anthu pakokha si kulakwa. Ngati muli ndi wachibale kapena mnansi wogwira ntchito ku chipatala amene angamuuze mwana wanu kuti kwatuluka chidziwitso, kapena kumukonzekeretsa mafunso a pa mayeso, limenelo ndi thandizo labwino. Pamene pabwera mtengo ndiye kuti zasanduka zina.

Popeza mwana wanu ndi wamkazi, ndiwonjezere chenjezo limene makolo ambiri amachita nalo manyazi. Alipo abambo amene m'malo mwa ndalama amafuna thupi la mtsikana, namuitanira ku malo ogona alendo kapena ku ofesi anthu onse ataweruka ponamizira mayeso a ntchito. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere ndipo wopezeka wolakwa angathe kumangidwa. Muuzeni mwana wanu kuti mayeso enieni amachitika masana, pa malo odziwika, ndipo kawirikawiri ofunsa amakhala angapo. Asapereke satifiketi yake yeniyeni kapena pasipoti kwa munthu aliyense kuti amusungire, makamaka kwa olonjeza ntchito za kunja kwa dziko.

Pamene akudikira chilengezo cha boma, aonetsetse kuti chiphaso chake cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi chili m'nthawi yake, ndipo ayende ndi makalata ake ku zipatala za mishoni za pansi pa CHAM ndi ku zipatala zomwe si za boma kukafunsa ngati angamagwireko lokamu, ntchito yongogwirizira pamene chipatala chaperewera anamwino. Malipiro ake si okhazikika, koma manja ake sadzaiwala ntchito, ndipo tsiku la mayeso adzakhala ndi zoti anene ndi sisitala woti amuikire umboni.

A Mlangizi,

Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Nditasowa ntchito, bwana wina wa kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira adanditenga kuti ndiphunzire ntchito. Tsopano patha miyezi isanu ndi inayi, ndipo ndine amene ndimalemba mabuku onse, kukonza malipiro a antchito anzanga ndi kukonza mafomu a msonkho. Amangondipatsa ya minibasi, palibe kalata iliyonse imene tidasainirana, ndipo ndikafunsa amati ndidekhe ndikadali kuphunzira. Ndikuopa kuti ndikachoka ndibwerera pamene ndidayambira. Kodi ndipirire mpaka liti?

Mtsikana wa ku Limbe

Achemwali, kalata yanu ndaiika pano dala kuti achimwene a ku Area 25 aja aiwerengenso, chifukwa uphungu wakuti munthu ayambe ndi zochepa uli ndi malire ake, ndipo inu mwafika pa malirewo. Kuphunzira ntchito kumakhala ndi wokuphunzitsani, zinthu zoti muphunzire, ndi tsiku lomalizira. Munthu amene akusunga yekha mabuku a kampani, kukonza malipiro ndi mafomu a ku MRA sakuphunziranso. Akugwira ntchito ya akawuntanti, ndipo bwanayo akusunga m'thumba malipiro amene akadapereka kwa wina.

Lamulo la Employment Act la 2000 limazindikira mgwirizano wa ntchito ngakhale utakhala wapakamwa chabe. Limanenanso kuti wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke kwa wantchito kalata yofotokoza udindo wake, malipiro ake ndi maola ogwirira ntchito pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito. Nthawi yoyeserera munthu, imene ambiri amaitcha pulobeshoni, siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo munthu wa pa pulobeshoni amalandira malipiro, amene sayenera kutsika kuposa mlingo wotsikitsitsa umene boma limalengeza. Mungathe kupita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kukafotokoza nkhaniyi kwaulere, ndipo zikakanika kumeneko milandu yotere imapita ku Industrial Relations Court.

Komabe ndikulangizani kuti muyende mwadongosolo, chifukwa chinthu chamtengo wapatali chimene muli nacho pa kampaniyo pakadali pano ndi umboni wa miyezi isanu ndi inayi imeneyi, ndipo mukayamba ndi mkangano bwanayo angathe kukana kuti adakuonanipo. Choyamba mupempheni, zinthu zikadali bwino pakati panu, kalata ya pa pepala la kampani yonena tsiku limene mudayamba ndi ntchito zimene mumagwira. Mungamuuze moona kuti mukuifuna kuti muziika pamodzi ndi makalata anu a maphunziro. Sunganinso mauthenga a pa foni amene amakutumani nawo ntchito, koma musatenge mabuku kapena zinsinsi za kampani kupita nazo kunyumba, chifukwa zimenezo zingakubwerereni ndipo zingadetse dzina lanu pa ntchito imene imadalira kukhulupirika. Kalatayo ikakhala m'manja mwanu, pemphani nthawi yokhala naye pansi, mumuthokoze chifukwa cha mwayi umene adakupatsani, mumuwerengere ntchito zimene tsopano mukuzigwira nokha, ndipo mumupemphe kuti pofika kumapeto kwa mwezi wamawa akupatseni kalata ya ntchito ndi malipiro. Tchulani tsiku lenileni, chifukwa mawu akuti "tiona" ndiwo akusungani miyezi yonseyi.

Mantha anu akuti mubwerera pamene mudayambira ndi osafunika. Mudalowa pa kampaniyo muli ndi dipuloma yokha, koma lero mukudziwa kukonza malipiro, kudula msonkho wa PAYE ndi kutseka mabuku a pamwezi, zimene makampani ang'onoang'ono ambiri mu Limbe ndi mu Blantyre amasowa wowachitira. Yambani lero kufunsira ntchito kwina mukadali pomwepo, ndipo pa CV lembani miyezi imeneyi ngati ntchito, ndi udindo umene mukuuchitadi. Ngati mungakwanitse, lembetsani mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno, kuti wolemba ntchito aone kuti mukupitiriza maphunziro. Bwanayo akakana pempho lanu pofika tsiku limene mwagwirizana, tsanzikani mwaulemu, perekani mabuku onse ali m'malo mwake pamaso pa mboni, ndipo pitani ku ofesi ya zantchito ndi kalata ija pamodzi ndi mauthenga anu kuti akuthandizeni kuwerengera zimene kampaniyo ikuyenera kukulipirani.